Odi wa pakhomo la selo: ma growth factor ndi mmene khansa imayambira

Mukadzicheka chala posenda chinangwa, magazi amatuluka kwa kamphindi kenako n'kuundana. Mawa lake pamakhala kankhanambo, m'mbali mwake motupa pang'ono ndiponso motentha. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri nkhanambo ija imagwa yokha, pansi pake n'kuoneka khungu latsopano losalala. Timangoti bala lapola. Koma m'masiku amenewo maselo a m'mbali mwa balalo, amene anali phee, anayamba kugawikana mothamanga, ena n'kumasendera pakati kuti akatseke mpata. Mpatawo utatsekeka, analeka. Palibe amene amadabwa kuti chalacho sichinapitirize kukula mpaka kufanana ndi chinangwa chija, chonsecho kulekako n'kofunika mofanana ndi kuyambako.

Selo la m'thupi mwa munthu siligawikana chifukwa choti lapeza chakudya. Amene amatero ndi mabakiteriya: apatseni shuga ndi malo ofunda, achulukana mpaka chakudyacho chithe. Selo lathu limatha kukhala zaka likusambira m'chakudya ndi mpweya wokwanira, osagawikana, mpaka litauzidwa. Uthengawo umachokera kwa maselo ena, ndipo umabwera ngati timapuloteni ting'onoting'ono timene asayansi amati ma growth factor, kutanthauza zinthu zolamula kukula.

Pa chala chanu chija, oyamba kulankhula anali ma platelet, tizidutswa ta maselo timene timathandiza magazi kuundana. Tikaunjikana pabala timakhuthula growth factor yotchedwa PDGF, imene imaitana maselo omanga mnofu wa pansi pa khungu. Anthu a m'malabotale ankaona zotsatira zake kalekale asanadziwe chifukwa chake. Maselo osungidwa m'timbale ankachulukana bwino akathiridwa madzi achikasu amene amatsala magazi akaundana, koma madzi a magazi amene sanaundane sankagwira ntchito mofananamo. Mu 1974, Russell Ross ndi anzake ku University of Washington, mumzinda wa Seattle, anasonyeza kuti kusiyanako kunkachokera ku ma platelet.

Growth factor yoyamba kudziwika inatulukira m'mazira a nkhuku. Rita Levi-Montalcini anabadwa mu 1909 ku Turin m'dziko la Italy. Malamulo a Mussolini a mu 1938 atathamangitsa Ayuda m'mayunivesite, mayiyu anasandutsa chipinda chake chogona kukhala labotale. Ankanola masingano osokera kuti akhale timipeni, n'kumafufuza mmene mitsempha yonyamula mauthenga imamerera m'miluza ya anapiye. Inali nthawi ya nkhondo, choncho mazira akatha ntchito ankawakazinga n'kudya. Nkhondo itatha, wasayansi wina, Viktor Hamburger, anamuitanira ku Washington University ku St. Louis, ku America. Kumeneko Levi-Montalcini anaona kuti kachidutswa ka chotupa cha mbewa kakaikidwa mu mluza wa mwanapiye, mitsempha inkamera mwachisawawa, mpaka m'ziwalo zimene zinali kutali ndi chotupacho. Anaganiza kuti chotupacho chikutulutsa chinachake chimene chikuyenda m'magazi. Mu 1952 anapita ku Rio de Janeiro atanyamula mbewa ziwiri zokhala ndi zotupa, ndipo kumeneko anaika kachidutswa ka chotupa pafupi ndi kagulu ka maselo a mitsempha m'kambale. M'maola ochepa kaguluko kanatulutsa timizu mbali zonse, ngati cheza cha dzuwa chimene ana amajambula m'kope. Chinthucho chinatchedwa NGF, kutanthauza growth factor ya mitsempha.

Stanley Cohen, katswiri wa makemikolo a m'thupi, anabwera kudzathandiza kupatula chinthucho. Pofuna kudziwa ngati chinali puloteni, anathiramo ululu wa njoka, poti uli ndi mphamvu yophwanya DNA. M'malo mofooka, timizu tija tinamera kuposa kale: ululuwo unali ndi NGF yambiri. Poti ululu wa njoka umapangidwa m'tiziwalo tofanana ndi topanga malovu, Cohen anayang'ana m'tiziwalo topanga malovu ta mbewa zazimuna, ndipo anaipezamo yochuluka. Atabaya ana a mbewa ongobadwa kumene ndi madzi ofinyidwa m'tiziwalo timeneti, anaona zimene sankazifuna n'komwe. Tianato tinatsegula maso patatha masiku pafupifupi 7 m'malo mwa 12 mpaka 14, ndipo mano anatuluka msanga. Wina akanangolemba m'kope n'kupitiriza za mitsempha. Cohen anazitsatira, ali ku Vanderbilt University, akugwiritsa ntchito zikope za mbewa ngati sikelo yake, mpaka mu 1962 anapatula puloteni ina imene anaitcha EGF chifukwa imakulitsa maselo a khungu. Awiriwa analandirira limodzi mphoto ya Nobel mu 1986. Onani kuti chiyambire nkhaniyi, chotupa chinalimo kale.

Growth factor silowa m'selo kukagwira ntchito. Imachita ngati mthenga amene waima pakhomo n'kunena kuti "odi". Pachikopa cha selo pali mapuloteni otchedwa ma receptor, amene mbali ina ili kunja, ina mkati. Receptor iliyonse imamva odi wa mthenga wake yekha, n'chifukwa chake NGF imadzutsa maselo a mitsempha n'kusiya a khungu ali mtulo. EGF ikamatirira pa receptor yake, receptor imeneyo imasintha kaimidwe n'kugwirana ndi inzake, ziwiriziwiri. Zikagwirana, mbali zawo za mkati zimamatana tizidindo ta phosphate. Tizidindoti timakoka mapuloteni ena, amene amadzutsa puloteni yotchedwa Ras. Ras imadzutsa Raf, Raf imadzutsa MEK, MEK imadzutsa ERK, ndipo ERK imalowa pakatikati pa selo pamene pali DNA n'kutsegula majini oyambitsa kugawikana. Tikunena majini a sayansi, malangizo olembedwa mu DNA, osati aja amakachotsetsa kwa sing'anga. Palinso njira ina yochokera pa receptor yomweyo, ya PI3K ndi Akt, imene imauza selo kuti lidye kwambiri, linenepe, ndiponso lisadziphe. Zoonadi, maselo ambiri akasowa uthenga wotere kwa nthawi amadzipha okha mwadongosolo. Ngakhale kukhala ndi moyo amadikira chilolezo.

Mabuku ambiri amathera pa mndandanda wa mayinawu, koma ine ndimaona kuti mtima wa nkhaniyi uli pa kuzimitsa. Receptor ikangomva odi, selo limaimeza n'kukaiphwanya mkati, kuti isapitirize kufuula. Ras ili ndi kawotchi kakekake: ikadzuka imagwira kamolekyu kotchedwa GTP, ndipo pakapita kanthawi imakadula n'kugonanso. Pali mapuloteni ena amene ntchito yawo n'kufufuta tizidindo ta phosphate tija, komanso ina yotchedwa PTEN imene imatseka njira ya PI3K. Palinso amithenga obwera ndi mawu oletsa, monga TGF-beta, imene m'maselo ambiri a khungu ndi a m'matumbo imati "basi, imani". Ndipo uthenga uyenera kupitirira kwa maola angapo kuti selo lidutse pamalo amene Arthur Pardee anawafotokoza mu 1974, pamene likadutsa silibwereranso mpaka litagawikana. Pamalo amenewa pali mlonda, puloteni yotchedwa Rb. Kugogoda kamodzi sikukwanira.

Umboni woti khansa imaba njira imeneyi unabwera motsatizana. Mu 1983, magulu a Russell Doolittle ndi Michael Waterfield anapeza kuti jini limene vairasi ina imayambitsira chotupa mwa anyani n'lofanana kwambiri ndi jini la PDGF, mthenga wa pabala uja. Selo logwidwa ndi vairasiyo limapanga lokha uthenga n'kudzimvera lokha, monga Michael Sporn ndi George Todaro anali ataganizira mu 1980. Chaka chotsatira, mu 1984, Julian Downward, wa m'gulu la Waterfield ku London, anaona kuti jini la vairasi ina yoyambitsa khansa ya m'magazi mwa nkhuku ndi receptor ya EGF yoduka mutu. Mbali yakunja, yomvera odi ija, kulibe. Yatsala ya mkati yokha, ndipo imafuula usana ndi usiku kuti pakhomo pali mlendo.

Mwa anthu, nthawi zambiri sipafunika vairasi. Majini athu omwe amawonongeka pamene DNA ikukopedwa, kapena chifukwa cha utsi wa fodya, cheza champhamvu ndi zina zotero. Chitsanzo chimene chafufuzidwa kwambiri ndi HER2, m'bale wake wa receptor ya EGF. Selo labwinobwino la m'bere limakhala ndi makope awiri a jini la HER2 ndi ma receptor pafupifupi 20,000. M'zotupa zina jinilo limakopedwa mobwerezabwereza, mpaka selo limodzi kukhala ndi ma receptor oposa miliyoni. Akathithikana chonchi amagundana n'kugwirana okha popanda mthenga aliyense. Mu 1987, Dennis Slamon wa ku yunivesite ya UCLA ku America anasonyeza kuti amayi amene zotupa zawo zinali chonchi, matenda ankabwerera msanga ndipo ankamwalira msanga. Masiku ano zimadziwika kuti pa khansa za m'mawere 100 zilizonse, 15 mpaka 20 ndi za mtundu umenewu.

Ras ndiye imavuta kwambiri, chifukwa ili mkati, kuseri kwa chitseko. Mu 1982 magulu atatu a ofufuza, a Robert Weinberg, Michael Wigler ndi Mariano Barbacid, anapeza Ras yowonongeka m'maselo a khansa ya m'chikhodzodzo cha munthu. Kusiyana kwake ndi yabwinobwino kunali chilembo chimodzi chokha cha DNA. Chilembo chimodzicho chimawononga kawotchi kaja, moti Ras ikadzuka sigonanso. Mtundu wake wotchedwa KRAS umapezeka wowonongeka pafupifupi m'khansa 9 mwa 10 zilizonse za kapamba, komanso 4 mwa 10 za m'matumbo aakulu.

Komabe tisafulumire kunena kuti uthenga wokakamira ndiye khansa. Timadontho takuda tapakhungu timene anthu ambiri ali nato, nthawi zambiri maselo ake amakhala ndi BRAF yowonongeka, imodzi mwa mapuloteni a Raf aja. Maselowo anachulukana pang'ono, kenako alonda a mkati anaona kuti phokosolo lanyanya n'kuwaimitsa kotheratu. Kadonthoko kamakhala choncho mpaka munthu kukalamba. Kuti pakhale khansa, pamafunika kuti uthenga ukakamire komanso alonda, monga Rb ndi p53, achotsedwe, ndipo zimenezi zimaunjikana pang'onopang'ono kwa zaka. N'chifukwa chake khansa zambiri zimachuluka munthu akamakula. Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri ku Malawi ndi ku Zambia, imalowera mbali ya alondayi: kachilombo ka HPV kamapanga mapuloteni awiri, E6 yowononga p53 ndi E7 yomanga manja Rb. Katemera wa HPV amene atsikana amalandira amatseka njira kachilomboko kasanafike pa alondawo.

Chotupa chikayamba chimakumana ndi vuto la njala. Popanda mitsempha yakeyake ya magazi sichingakule kupitirira mamilimita awiri kapena kuchepera apo, kukula ngati njere ya mapira, chifukwa maselo apakati amasowa mpweya. Judah Folkman, dokotala wa maopaleshoni ku Boston, ananena mu 1971 kuti zotupa zimaitana mitsempha, ndipo anzake ambiri sanamukhulupirire. Mthenga wake anadzapezeka: Harold Dvorak anamuona mu 1983 ngati chinthu chochititsa mitsempha kuchucha, ndipo Napoleone Ferrara anamupatula mu 1989 n'kumutcha VEGF. Selo lililonse likabanika limatulutsa VEGF, ndipo ndi mmene bala limapezera mitsempha yatsopano. Chotupa chimangochita zomwezo osaleka. Dvorak yemweyo analemba mu 1986 kuti zotupa ndi mabala amene sapola.

Amene anaonapo khansa ya Kaposi, imene inachuluka kwambiri kuno kwathu m'zaka zimene Edzi inavuta, anaona ntchito ya VEGF ndi maso. Zigamba zakuda kapena zofiirira pamiyendo ndi m'kamwa zimakhala zodzaza timitsempha tosalongosoka tochucha magazi, ndipo nthawi zambiri mwendo umatupa n'kulimba. Kachilombo koyambitsa matendawa, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994, kali ndi majini amene amakakamiza maselo kutulutsa VEGF ndi amithenga ena otero. Chitetezo cha m'thupi chikabwerera chifukwa cha ma ARV, zigamba zina zimachepa zokha, ngakhale odwala amene matenda afalikira amafunikanso mankhwala a khansa.

Kudziwa zonsezi kunabala mankhwala a mtundu watsopano. Mankhwala akale a chemotherapy amakantha selo lililonse limene likugawikana msanga, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka ndipo m'kamwa mumatuluka zilonda. Atsopanowa amalunjika pamalo amodzi mu mzere wa uthenga uja. Trastuzumab, amene anavomerezedwa ku America mu 1998, amamatirira pa HER2 kunja kwa selo, n'kuchepetsa phokoso lake komanso kuitana maselo a chitetezo. Atayamba kuperekedwa pambuyo pa opaleshoni, kafukufuku wa mu 2005 anasonyeza kuti kubwerera kwa matenda kunatsika ndi pafupifupi theka. Imatinib, wa mu 2001, amatseka puloteni yokakamira ya BCR-ABL, ndipo anasandutsa mtundu wina wa khansa ya m'magazi kukhala matenda amene anthu ambiri amakhala nawo zaka zambiri akumwa mapiritsi. Bevacizumab, wa mu 2004, amagwira VEGF isanafike pakhomo, ngakhale kunena zoona phindu lake m'khansa zambiri linakhala la miyezi chabe, locheperapo kuposa mmene anthu ankayembekezera.

Nkhani ya gefitinib ndi imene imaphunzitsa zambiri. Mankhwalawa amatseka receptor ya EGF kuchokera mkati. Atayesedwa pa odwala khansa ya m'mapapo, ambiri sanathandizidwe, koma ochepa zotupa zawo zinafota modabwitsa m'masabata ochepa. Ambiri mwa ochepawo anali amayi, anthu osasuta fodya, ndiponso ochokera kum'mawa kwa Asia. Mu 2004 ofufuza a ku Boston ndi ku New York anapeza chifukwa chake: anthu amenewa receptor yawo inali yowonongeka moti inkafuula yokha, ndipo chotupa chonse chinkadalira phokoso limenelo. Kwa ena onse vuto linali pena, choncho kutseka pakhomo kunalibe ntchito. N'chimodzimodzi ndi cetuximab, mankhwala otseka receptor ya EGF kuchokera kunja, pa khansa ya m'matumbo aakulu. Ngati KRAS ndi yowonongeka, mankhwalawa sathandiza, chifukwa wotseka pakamwa pa mthenga wa panja sangaletse mwana amene akuthamanga m'nyumba kulengeza za mlendo amene kulibe. Ras yomweyo inakanika kwa zaka pafupifupi 40, ndipo mankhwala oyamba oigwira, sotorasib, anavomerezedwa mu 2021, komanso amagwira mtundu umodzi wokha wa kuwonongekako.

Chisangalalo cha gefitinib nachonso sichinkakhalitsa. Pakatha chaka chimodzi kapena kuchepera apo, zotupa zambiri zinkayambiranso. M'chotupa muli maselo mamiliyoni osafanana ndendende, ndipo mankhwala akapha ambiri, amatsala aja amene mwamwayi ali ndi kusintha kowateteza. Pafupifupi theka la odwalawa ankapezeka ndi kusintha kwachiwiri pa receptor yomweyo, kotchedwa T790M. Mlimi amene waona mbozi zikusiya kufa ndi mankhwala amene ankazipha chaka chatha sangadabwe nazo. Osimertinib, wa mu 2015, anapangidwira kusintha kumeneko, ndipo nayenso zotupa zimadzamupezera njira ina. Mankhwalawa alinso ndi zovuta zawo, chifukwa maselo abwinobwino amagwiritsa ntchito makomo omwewo. Otseka receptor ya EGF amatulutsa ziphuphu kumaso ndi pachifuwa komanso amatsegula m'mimba. Trastuzumab amatha kufooketsa mtima, poti maselo a mtima amadalira HER2, n'chifukwa chake wodwala amapimidwa mtima asanayambe ndiponso ali mkati molandira.

Chodabwitsa n'chakuti m'chipinda chomwecho chimene madokotala akutsekera ma growth factor, amabayanso ena mwadala. Chemotherapy ikagwetsa maselo oyera a m'magazi, wodwala amapatsidwa filgrastim, growth factor yopangidwa kufakitale imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo atsopano msanga. Odwala impso amapatsidwa erythropoietin kuti magazi achuluke. Amithengawa si adani. Kum'mwera kwa Ecuador kuli mabanja a anthu aafupi kwambiri amene thupi lawo silimva mahomoni okulitsa, motero amakhala ndi growth factor ya IGF-1 yochepa zedi. Kafukufuku wa Jaime Guevara-Aguirre ndi Valter Longo wa mu 2011 anapeza kuti pa anthu pafupifupi 100 otere, mmodzi yekha anadwalapo khansa, ndipo sinamuphe, pomwe abale awo a msinkhu wamba ankadwala ngati anthu ena onse. Mtengo wa chitetezo chimenecho ndi kukula osapitirira msinkhu wa mwana wa pulayimale.

Zonsezi zimathera pa kagalasi kakang'ono ka mu labotale. Mayi akapezeka ndi chotupa m'bere, dokotala amatengako kachidutswa, ndipo katswiri wopima minofu amakadula mopyapyala kwambiri n'kukathira mankhwala amene amamatirira pa HER2 yokha. Akayang'ana pa maikulosikopu, selo lokhala ndi HER2 yambiri limaoneka litazunguliridwa ndi mzere wabulauni wokhuthala, ngati lajambulidwa ndi cholembera. Amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 3+. Pa 3+ trastuzumab angathandize. Pa 2+ pamafunika kupima kwina kowerenga makope a jinilo. Pa 0 kapena 1+ mankhwalawa angangowononga ndalama ndi kuika mtima pachiswe. Bungwe la WHO linaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015, ndipo mu 2019 linavomereza wofanana naye wotsikirapo mtengo. Koma botolo la mankhwala likafika pachipatala chimene sichitha kupima HER2, dokotala sangadziwe kuti pa amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akhala pabenchi, ndi uti amene ayenera kulandira. Amene muli ndi m'bale wodwala khansa ya m'mawere, pepala la zotsatira za kachidutswa kaja musalitaye, ndipo mukakumana ndi adokotala afunseni ngati chotupacho chinapimidwa HER2 ndi ma receptor a mahomoni, komanso kuti zinatuluka bwanji.